Kodi Nyama Zimaganiza? Mafunso ndi Mayankho pa Mkangano Wakale wa Asayansi

Mafunso ali patsamba lino ndakhala ndikuwatola pang'onopang'ono kwa ana asukulu, makolo awo ndi aphunzitsi anzanga muno mu Lusaka, makamaka tikabwerako kokaona nyama ku Lusaka National Park kapena ku Munda Wanga ku Chilanga. Mwana akaona kanjovu kamasiye kakuthamangira munthu amene amakamwetsa mkaka wa m'botolo, salephera kufunsa ngati kanjovuko kakumudziwa munthuyo ndiponso ngati kakumva zimene akukauza. Funso limeneli si lachibwana ayi. Lakanganitsa anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana, ndipo lazunzitsa nyama zingapo zimene zinalandidwa kwa amayi awo kuti zikakhale mboni pamlandu umene sizinkaudziwa. Maganizo anga sindibisa: ndimaona kuti asayansi anachedwa kupeza zoona chifukwa kwa nthawi yaitali ankafuna kuti nyama ilowe m'nyumba ya munthu idzayankhule ngati munthu, m'malo moti iwo apite kwawo kwa nyamayo akamvetsere.

Kodi mkanganowu unayamba liti?

Olemba mbiri amauyambira ku Greece, kumene Aristotle, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anafotokoza makhalidwe a nyama zambiri mwatsatanetsatane koma n'kunena kuti kulingalira ndi kwa munthu yekha. Amene anaumitsa kwambiri mfundoyi ndi René Descartes wa ku France, yemwe mu 1637 analemba kuti nyama zili ngati makina opangidwa mwaluso, monga wotchi imene imasunga nthawi bwino popanda kudziwa kuti nthawi n'chiyani. Umboni wake waukulu unali chinenero. Iye ankati munthu aliyense, ngakhale wobadwa wosamva ndi wosayankhula, amapeza njira yolumikizira zizindikiro kuti anene za kumtima kwake, pamene palibe nyama imene imatero. Kuyambira pamenepo nzeru ndi kuyankhula zinamangidwa mtolo umodzi, ndipo kumasula mtolo umenewo kwatenga zaka zoposa 300.

Charles Darwin ndiye anabwera ndi maganizo otsutsana nawo. Mu 1871 analemba kuti nzeru za munthu ndi za nyama zapamwamba zimasiyana pa kuchuluka kwake osati pa mtundu wake, ndipo chaka chotsatira anatulutsa buku lina lofananitsa mmene anthu ndi nyama amaonetsera mantha, mkwiyo ndi chimwemwe.

Ngati Darwin ananena zimenezo, bwanji nkhaniyo sinathere pomwepo?

Chifukwa umboni wa omutsatira unali wofooka. George Romanes, mnzake wa Darwin, mu 1882 anasindikiza nkhani zambirimbiri za agalu, amphaka ngakhale nyerere zochenjera, zambiri mwa izo zochokera kwa anthu amene anaona chinthu kamodzi n'kuchitanthauzira okha. Tonse timadziwa mmene mwini galu amathirira mchere nkhani ya galu wake.

Conwy Lloyd Morgan, amene anaphunzitsapo ku Cape Town asanabwerere ku England, mu 1894 anaika lamulo limene ophunzira amaliloweza mpaka lero: usanene kuti nyama yachita chinthu chifukwa cha nzeru zakuya ngati chinthucho chingafotokozedwe m'njira yapafupi. Iye anali ndi galu dzina lake Tony amene ankatsegula geti pokweza kachitsulo kotsekera ndi mutu wake. Wodutsa m'njira akanati galuyo akumvetsa mmene getiyo anapangidwira, koma Morgan anali ataona chiyambi chake: galu ankangolowetsa mutu m'mipata ya mpanda mpaka tsiku lina anakweza kachitsuloko mwangozi, ndipo zitatero anayamba kubwereza. Edward Thorndike ku America mu 1898 anatsekera amphaka m'mabokosi okhala ndi chingwe kapena kamtengo kotsegulira, ndipo anapeza kuti nthawi yotulukira inkachepa pang'onopang'ono, popanda tsiku limene mphaka anaoneka kuti wazindikira mwadzidzidzi.

Nanga kavalo wa ku Germany amene ankati amadziwa masamu, nkhani yake inali yotani?

Iyi ndiyo nkhani imene aliyense wofuna kumvetsa mkanganowu ayenera kuidziwa bwino. Kavaloyo ankatchedwa Hans, ndipo mwini wake, Wilhelm von Osten wa ku Berlin, anali mphunzitsi wa masamu. Akafunsidwa kuwonkhetsa, kuchotsera, ngakhale tsiku la mwezi, Hans ankagogoda pansi ndi chiboda mpaka kufika pa nambala yoyenera, n'kusiya. Mu Sepitembala 1904 gulu la anthu 13, momwe munali dokotala wa ziweto, mkulu wa malo osungira nyama ndi katswiri wa nyama zochita masewera, linamuyesa n'kulengeza kuti silinapeze chinyengo chilichonse. Gululo silinaname, pakuti von Osten sankapusitsa munthu. Iye mwini ankakhulupirira kavalo wake ndi mtima wonse.

Amene anatulukira chinsinsi ndi Oskar Pfungst, wofufuza za maganizo a anthu, ndipo anasintha zinthu ziwiri zokha. Nthawi zina ankakonza kuti wofunsa asadziwe yankho, ndipo nthawi zina ankatchinga maso a kavalo m'mbali kuti asamuone wofunsayo. Von Osten akadziwa yankho, Hans ankakhoza mafunso 89 pa 100 alionse. Akapanda kulidziwa, ankakhoza 6 okha. Chinsinsi chinali pathupi la munthu. Wofunsa ankawerama pang'ono kuyang'ana chiboda, ndipo kavalo akafika pa nambala yoyenera, munthuyo mosadziwa ankadzutsa mutu pang'ono kwambiri moti anthu oonerera sankazindikira, koma Hans ankaona n'kusiya kugogoda. Chimene chimandikhudza n'chakuti Pfungst mwiniwake, ngakhale atadziwa kale zimenezi, ankalepherabe kudziletsa kupereka chizindikirocho akaima pamaso pa kavaloyo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1907.

Kuchokera pamenepo kafukufuku wosamala amakonzedwa moti woyesa asadziwe yankho, ndipo nzeru yomweyi ndi imene imagwira ntchito poyesa mankhwala atsopano, pamene dokotala ndi wodwala onse sauzidwa kuti mankhwala enieni ndi ati. Koma pali china chimene anthu a nthawiyo anachiphonya. Iwo anabalalika akunena kuti kavaloyo analibe nzeru, chonsecho anali atawerenga thupi la munthu bwino kuposa akatswiri 13 amene anamuzungulira. Masamu sankawadziwa, koma luso limene anali nalodi linatayidwa pamodzi ndi limene ankamuganizira molakwa.

Kodi zitachitika za Hans asayansi anasiyiratu kukamba za maganizo a nyama?

Ambiri anasiya, makamaka ku America. Kuyambira 1913, pamene John Watson analengeza kuti sayansi iyenera kuyeza zooneka ndi maso zokha, mpaka m'masiku a B. F. Skinner ndi nkhunda zake zojompha mabatani kuti zilandire chakudya, munthu wonena kuti nyama ikuganiza ankaonedwa ngati sanaphunzire bwino. Komabe si onse anagonja. Wolfgang Köhler, amene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamupeza pachilumba cha Tenerife, anaona chimpanzi wotchedwa Sultan akulumikiza ndodo ziwiri kuti akokere nthochi imene inali patali, ndipo anati kumeneko kunali kuzindikira, osati kuyesa kwachisawawa. Chiletsocho chinayamba kusweka mu 1976, pamene Donald Griffin, munthu wolemekezeka chifukwa anali atasonyeza kale kuti mileme imauluka mumdima pomvetsera kubwerera kwa mawu ake, analemba poyera kuti funso la kuzindikira kwa nyama ndi loyenera kufufuzidwa.

Kodi n'zoona kuti pali anyani amene anaphunzitsidwa kuyankhula?

Tiyambe tamvana kuti sitikunena anyani amene timawaona m'mbali mwa msewu wa Great East tikamayandikira mlatho wa Luangwa, koma abale awo akuluakulu opanda mchira, omwe ndi chimpanzi, bonobo ndi gorila.

Oyamba anayesa mawu a pakamwa, ndipo analephera. Mu 1931 banja la a Kellogg linalera kachimpanzi kotchedwa Gua pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna, koma linasiya patatha miyezi 9, Gua asanatchule liwu ndi limodzi lomwe, pamene mwanayo anali atayamba kutsanzira kulira kwa chimpanzi. Banja la a Hayes linavutika zaka zingapo ndi Viki, amene anangofika ponong'ona movutikira mawu anayi. Poona kuti vuto likhoza kukhala pakhosi ndi pakamwa osati m'mutu, Allen ndi Beatrix Gardner mu 1966 anayamba kuphunzitsa chimpanzi wamkazi, Washoe, chinenero chamanja cha anthu osamva a ku America, ndipo patatha zaka zinayi anali ndi zizindikiro zoposa 130. Mu 1972 Francine Patterson anayamba ntchito yofanana ndi gorila wotchedwa Koko. Nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani zakuti khoma lolekanitsa munthu ndi nyama lagwa.

Amene anathira madzi pamoto umenewu anali mmodzi wa iwo eni. Herbert Terrace wa ku yunivesite ya Columbia anayamba mu 1973 kulera chimpanzi amene anamutcha Nim Chimpsky, dzina lokhudza Noam Chomsky, katswiri amene ankaphunzitsa kuti chinenero ndi cha munthu yekha. Terrace ankafuna kumutsutsa. Nim anaphunzira zizindikiro pafupifupi 125, koma Terrace ataonera mafilimu a maphunzirowo pang'onopang'ono, anaona kuti kawirikawiri mphunzitsi ndiye ankayamba kupanga chizindikiro, Nim n'kutsatira, ndiponso kuti zonena zake zikatalika sizinkawonjezera tanthauzo koma kungobwereza mawu omwewo opempha chakudya kapena kuseweredwa. Mu 1979 Terrace analengeza kuti iye mwini analakwitsa. Chaka chotsatira ku New York kunachitika msonkhano wotchulidwa dzina la kavalo uja Hans, kumene ofufuza ananyozana kwambiri, ndipo ndalama zothandizira kafukufuku wotere zinayamba kuuma.

Nkhaniyi inadzukanso ndi Kanzi, bonobo wobadwa mu 1980. Sue Savage-Rumbaugh ankaphunzitsa Matata, amene ankalera Kanzi, kugwiritsa ntchito bolodi la zizindikiro, koma Matata sankagwira kanthu; mwana amene ankangosewera pambali ndiye anapezeka kuti waphunzira popanda womuphunzitsa. Pa mayeso amene anasindikizidwa mu 1993, Kanzi anauzidwa ziganizo za Chingelezi zokwana 660, zambiri zachilendo dala, monga kumuuza kuti aike chinthu pamalo pamene sichikhala, ndipo nthawi zambiri woyankhulayo ankabisika kuti asaoneke. Anachita zoyenera pa ziganizo zoposa 70 pa 100 zilizonse, kuposa pang'ono mwana wa zaka ziwiri amene ankayesedwa naye limodzi. Ine ndimawerenga umboni wonsewu motere: nyama zimenezi zimamva zambiri kuposa mmene otsutsa ankavomerezera, koma zimene zimanena zokha n'zazifupi ndipo zambiri ndi zopempha, kutali ndi mwana wa zaka zitatu wa ku Mtendere amene amafunsa kuti "chifukwa chiyani" kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Kodi nyama zimenezi zinathera kuti kafukufuku atatha?

Apa m'pamene pali chilonda. Nim analeredwa ngati mwana wa m'nyumba, ankavala zovala ndiponso kudyera patebulo, koma ntchito itatha mu 1977 anabwezedwa m'chikwere, kenako anagulitsidwa kumalo oyesera mankhwala, ndipo anapulumutsidwa anthu atadandaula kwambiri. Anafa mu 2000 ku Texas. Chimpanzi amakhala zaka makumi angapo, ndipo akakula amakhala wamphamvu moti sangasungidwenso m'nyumba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kafukufuku wa mtundu umenewu sachitikiranso masiku ano.

Ndiye umboni wolimba unachokera kuti?

Unachokera kutchire, ndipo wambiri kuno ku Africa. Mu 1960 Jane Goodall ku Gombe, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, anaona chimpanzi akusadzula masamba pakamtengo n'kukalowetsa m'chulu kuti awedze chiswe, pa nthawi imene mabuku ankati wopanga zida ndi munthu yekha. Aphunzitsi ake ku Cambridge anamudzudzula chifukwa chopatsa nyamazo mayina m'malo mwa manambala.

Pa za kulankhulana, chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha apusi, aja otuwa a nkhope yakuda amene amatha chimanga m'munda. Thomas Struhsaker anazindikira mu 1967 kuti apusi a ku Amboseli ku Kenya amalira mosiyana malinga ndi mdani. Otsutsa anati mwina anzawo amangoona okha mdaniyo. Choncho Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anajambula kulirako, n'kubisa sipika m'tchire, n'kumaulutsa mawuwo popanda mdani aliyense pafupi. Zimene anasindikiza mu 1980 zinali zomveka bwino: mawu a nyalugwe akamveka apusi ankathawira mumtengo, a chiwombankhanga ankayang'ana kumwamba n'kulowa m'zitsamba, a njoka ankaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumayang'ana pansi. Ana a pusi poyamba amalirira mbalame iliyonse, ndipo amadziwa kusankha akamakula. Luso la kafukufukuyu n'lakuti pusi sangawerenge nkhope ya sipika, kotero vuto la Hans silikanalowapo.

Njuchi nazo zinakanganitsa anthu. Karl von Frisch anafotokoza kuti njuchi ikapeza maluwa imavina pazisa, ndipo mbali imene gule akulozera imasonyeza kumene kuli chakudya poyerekeza ndi dzuwa, pamene kutalika kwa guleyo kumasonyeza mtunda. Adrian Wenner anatsutsa kwa zaka zambiri, akunena kuti njuchi zimangotsatira fungo. Von Frisch analandira mphoto ya Nobel mu 1973 mkangano usanathe, ndipo unazizira James Gould atapeza njira yochititsa njuchi kuvina gule wolozera kolakwika n'kuona kuti zinzake zinapita kumene guleyo analozera. Mu 2005 ofufuza ena anamata tizipangizo pamsana pa njuchi n'kutsatira ulendo wake wonse ndi radar, makina otsatira zinthu zouluka zili patali. Wenner sanalakwe kotheratu, chifukwa fungo limathandizadi njuchi ikafika pafupi ndi maluwa.

Kodi pali nyama yakutchire imene imamvanadi ndi munthu?

Ilipo, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi ku Chadiza, Katete kapena Petauke anamvapo za iyo. Ndi nsadzu, mbalame yotsogolera ku uchi. Imabwera kwa munthu ikulira motsatizana, n'kuuluka kuchoka pamtengo wina kupita pa wina mpaka pamphako pamene pali njuchi. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi, zimene mbalame ilibe. Mbalame imadziwa pamene pali njuchi ndipo imagaya phula, limene nyama zambiri sizingathe kuligaya. Wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, analemba za mbalame imene inkalowa m'tchalitchi ku Sofala kudzadya makandulo a phula m'zaka za m'ma 1500, koma ngakhale zinali choncho, ophunzira ambiri a ku Ulaya ankaitenga nkhani ya kutsogolera ngati nthano ya alenje.

Mu 1989 Hussein Isack wa ku Kenya ndi Heinz-Ulrich Reyer anasindikiza zimene anayeza pakati pa anthu a mtundu wa Boran: m'dera lachilendo, kufunafuna njuchi popanda mbalame kunkatenga pafupifupi maola 9, pamene ndi mbalame kunkatenga maola atatu ndi pang'ono. Kenako Claire Spottiswoode, amene wakhala akufufuza mbalame ku Choma kuno ku Zambia kwa zaka zambiri, anapita kunkhalango ya Niassa ku Mozambique, kumene Ayao ofula uchi amaitana mbalameyi ndi mawu akuti "brrr-hm". Anayenda m'nkhalango akuulutsa pa sipika mawu amenewo, kapena mawu ena a munthu, kapena kulira kwa njiwa. Zotsatira za mu 2016 zinasonyeza kuti mawu a Ayaowo ankawirikiza mwayi wotsogoleredwa, kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100, ndipo mwayi wopeza njuchi unakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54. Mu 2023 iye ndi Brian Wood anasonyezanso kuti nsadzu za ku Tanzania zimayankha kwambiri likhweru la Ahadza, pamene za ku Niassa zimayankha kwambiri mawu a Ayao. Chodabwitsa n'chakuti nsadzu sileredwa ndi makolo ake, pakuti imaikira mazira m'zisa za mbalame zina, choncho mawu oitanira a kwawoko siingawaphunzire kwa mayi wake.

Taonani kusiyana kwake ndi Nim. Pano palibe chikwere, palibe mphunzitsi, ndipo mbalame ili ndi ufulu wouluka kupita kwina. Kwa ine umenewu ndiwo umboni woyera kwambiri wa kumvana pakati pa munthu ndi nyama, ndipo amene anausunga kwa mibadwo yonseyi ndi anthu ofula uchi amene mayina awo sanalembedwe m'mabuku.

Ndiye kuti sayansi yangotsimikizira zonse zimene makolo athu ankanena?

Si zonse ayi, ndipo tisadzinamize. Akulu amati ukapanda kusiyira nsadzu gawo lake, ulendo wina idzakutsogolera kwa njoka kapena mkango. Mwambowu umaphunzitsa kuyamika, koma Ahadza kawirikawiri amabisa kapena kutentha phula dala kuti mbalame ikhale ndi njala, ndipo imawatsogolerabe ku uchi. Kadzidzi akalira padenga ku Chawama amakhala akuitana mnzake kapena wabwera kudzasaka makoswe, salosera maliro. Mwambi wakuti khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba unachokera kwa anthu openyetsetsa, pakuti mbalame za mtundu wa khwangwala zapezekadi kuti ndi zochenjera kwambiri, koma nkhani iliyonse, ya agogo kapena ya pulofesa, iyenera kudutsa pa sefa yomweyo imene Pfungst anadutsitsapo Hans.

Kodi Zambia ili ndi gawo m'kafukufuku ameneyu?

Inde, makamaka ku Chimfunshi, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue kufupi ndi Chingola. Malowa anayamba mu 1983 pamene David ndi Sheila Siddle analandira kachimpanzi kovulala kotchedwa Pal, kamene kanalandidwa kwa ozembetsa nyama. Popeza achimpanzi akumeneko amakhala m'magulu osiyana koma m'nkhalango yofanana, malowa amathandiza kuyankha funso lovuta: gulu lina likamachita zosiyana ndi linzake, kodi ndi chifukwa cha malo, cha magazi, kapena cha kuphunzirana? Mu 2010 Edwin van Leeuwen anaona chimpanzi wamkazi, Julie, akulowetsa udzu m'khutu n'kuusiya ukulendewera, popanda phindu lililonse looneka. Posakhalitsa achimpanzi 8 mwa 12 a m'gulu lake ankachita zomwezo, ndipo ena anapitiriza ngakhale Julie atafa. Ofufuza anapezanso kuti magulu a kumeneko amagwirana manja mosiyana akamatosana nsabwe, ena pachikhatho, ena pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono. Ena amakana kutcha zimenezi chikhalidwe, ponena kuti chikhalidwe cha anthu chimamangika pamwamba pa cha makolo mpaka kukula, pamene cha chimpanzi chimakhala pomwepo. Mfundo yawo ili ndi mphamvu, koma kuti pali kutengerana khalidwe, Chimfunshi yasonyeza poyera.

Ndamva kuti njovu zimaitanana mayina. N'zoona?

Pali umboni woyamba, koma ndi wanthete. Mu 1984 Katy Payne anazindikira kuti njovu zimatulutsa mawu otsika kwambiri amene khutu la munthu silimva, omwe amayenda mtunda wautali. Mu 2024 Michael Pardo ndi anzake anapatsa kompyuta mawu 469 a njovu za ku Samburu ndi Amboseli, ndipo inatha kulosera njovu imene inkaitanidwa pa mawu opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi, kuposa mmene ikanachitira pongolota. Ataulutsira njovu 17 mawu ojambulidwa, iliyonse inkafulumira kuyankha mawu amene poyamba ankapita kwa iyo. Chiwerengerocho n'chochepa, ndipo gawo la mawu limene lili dzina silinapatulidwe, choncho ndi bwino kudikira ofufuza ena abwereze.

Cholimba kwambiri ndi zimene Karen McComb anapeza mu 2014, zakuti njovu za ku Amboseli zimaunjikana modziteteza zikamva mawu a amuna a Chimasai, amene nthawi zina amazibaya ndi mikondo, kuposa zikamva amuna a Chikamba, akazi kapena anyamata. Mlimi wa ku Mambwe amene njovu zimamudyera munda usiku sangadabwe nazo. Nzeru zoterezi zili ndi ntchito: Lucy King atasonyeza kuti njovu zimathawa kulira kwa njuchi, alimi ku Kenya ndi m'mayiko ena anayamba kuzunguliza minda yawo ndi ming'oma.

Nanga zoyesa nyama ndi galasi zimasonyeza chiyani?

Gordon Gallup mu 1970 anapaka utoto wofiira pankhope ya achimpanzi ali mtulo, ndipo atadzuka n'kudziona pagalasi anagwira pamene panali utotowo. Njovu ya ku Asia yotchedwa Happy inachita chimodzimodzi mu 2006. Koma mu 2019 kansomba kena ka m'nyanja yamchere kanaoneka kuti nako kakhoza, ndipo ofufuza anagawanika: ena akuti nsombayo imadzizindikira, ena akuti mayesowo ndiwo sayeza zimene tinkaganiza. Galu amalephera, komatu dziko la galu lili m'mphuno osati m'maso.

Kodi makompyuta adzatimasulira zimene nyama zikunena?

Akuthandiza kale kusanja mawu ochuluka amene munthu sangathe kuwamvetsera onse, monga momwe gulu la Project CETI lakhala likuchitira kuyambira 2020 ndi anangumi a kufupi ndi chilumba cha Dominica. Koma kupeza dongosolo m'mawu si kupeza tanthauzo lake. Tanthauzo limadziwika pokhapokha mawuwo abwezedwa kwa nyama n'kuona chimene ikuchita, monga zinachitikira ndi apusi. Mapulogalamu a pafoni amene amati amamasulira kulira kwa mphaka kapena galu atengeni ngati zosangalatsa chabe.

Galu wanga amandimva ndikamuyankhula. Ndingatsimikize bwanji?

N'zotheka ndithu kuti akumva mawu ena. Galu wotchedwa Rico ku Germany anasonyeza mu 2004 kuti ankadziwa mayina a zinthu pafupifupi 200, ndipo Chaser wa ku America anafika pa 1,022, onse atayesedwa zinthuzo zili pamalo pamene mwini wake sakuziona. Komabe nkhope yamanyazi imene galu amaonetsa mukapeza kuti waba ndiwo si umboni wakuti akudziwa kulakwa kwake, pakuti Alexandra Horowitz anapeza mu 2009 kuti agalu amaionetsa kwambiri akamakalipidwa, kaya aba kaya sanabe.

Kunyumba mungayese motere. Sankhani zinthu zitatu zimene mukuganiza kuti galu amadziwa mayina ake, monga mpira, nsapato yakale ndi chingwe. Mwana wanu aziike kuseri kwa nyumba m'dongosolo limene inu simukulidziwa, iye n'kuchokapo. Inuyo khalani kutsogolo, manja ali m'thumba, mutchule dzina limodzi ndi liwu lomwelo nthawi zonse, osaloza ndiponso osayang'ana mbali imene galu akupita. Bwerezani maulendo 30 pa masiku angapo, mukusintha malo a zinthuzo ulendo uliwonse, ndipo muzilemba zonse, zokhoza ndi zolephera zomwe. Galu wongolota adzakhoza pafupifupi maulendo 10. Akafika pa 20 kapena kupitirira, mupemphe munthu wina wa m'nyumbamo, amene galuyo sakonda kumumvera, atchule mayina omwewo inu mutachokapo, ndipo muyambenso kuwerenga.